Foni, kompyuta kapena console: n'chiyani chimamusankhira munthu posewerera gemu?

Mu 1989 kampani ya Nintendo inatulutsa kabokosi kotuwa kogwira m'manja kotchedwa Game Boy. Sikirini yake inali yaing'ono, yobiriwira ngati madzi a pathamanda, yopanda mitundu, ndipo kukada sumaona kanthu pokhapokha utayandikira nyale, chifukwa inalibe kuwala kwakekwake. Chaka chomwecho Atari inatulutsa Lynx, ya mitundu komanso yowala, ndipo mu 1990 Sega inabwera ndi Game Gear, nayonso ya mitundu. Aliyense woziika pamodzi patebulo akanati Game Boy yafa isanabadwe. Koma Game Gear inkameza mabatire 6 m'maola ochepa chabe, pamene Game Boy inkapirira maola opitirira 10 ndi mabatire anayi, inali yotsika mtengo, ndipo m'mayiko ambiri inkagulitsidwa pamodzi ndi Tetris. Game Boy ndi mng'ono wake Game Boy Color zinagulidwa zoposa 118 miliyoni. Game Gear inathera cha m'ma 10 miliyoni.

Nkhani imeneyi ndimaikumbukira nthawi zonse ndikamva anthu akukangana zoti chabwino n'chiti pakati pa kompyuta, PlayStation, Xbox, Switch ndi foni. Mkanganowu umakonda kuzungulira pa manambala: ichi chili ndi mphamvu zochuluka bwanji, zithunzi zake n'zosalala motani, chimatsegula gemu m'masekondi angati. Koma mukaona kumene anthu amaika ndalama ndi nthawi yawo, mphamvu ya makina imabwera kumapeto. Chimene chimamusankhira munthu chipangizo ndi mpata umene ali nawo pa tsiku, kumene kuli anzake, ndi magemu amene anagula kale. Ndipo pakhomo pa chipangizo chilichonse paima kampani imene imadula msonkho kwa aliyense wolowa. Mukagwira mfundo zimenezi, zambiri zooneka zosamveka pa msika wa magemu zimalongosoka zokha.

Tiyambe ndi console, makina opangidwira magemu basi, amene mumalumikiza ku TV n'kugwira padi, kachipangizo ka mabatani koseweretsera, m'manja. Yoyamba kugulitsidwa inali Magnavox Odyssey mu 1972, yochokera ku ntchito ya injiniya Ralph Baer. Atari 2600 ya mu 1977 ndi imene inazoloweretsa anthu kugula makina kamodzi n'kumangosintha makatiriji, timabokosi tokhala ndi gemu mkati tolowetsa m'makinawo. Kenako mu 1983 msika wa ku America unagwa. Aliyense ankatha kupanga gemu ya Atari popanda womuletsa, masitolo anadzaza ndi zinthu zopangidwa mwaphuma, ogula anatopa ndi kupusitsidwa, ndipo makampani ambiri anatseka. Nintendo, kampani ya ku Kyoto imene inayamba mu 1889 ngati yopanga makhadi osewerera, inatolapo phunziro. Itapititsa console yake ya NES ku America mu 1985, inaikamo kachipangizo kokana katiriji iliyonse yosavomerezedwa. Wofuna kupanga gemu ankayenera kupempha chilolezo, kulipira, komanso kuvomera malire a magemu amene angatulutse pa chaka.

Mpanda umenewo ulipobe mpaka lero, ndipo ndi umene umadyetsa eni ma console. Makinawo nthawi zambiri amagulitsidwa pa mtengo wosapindulitsa, makamaka akangotuluka kumene. Pa mlandu wa Epic Games ndi Apple mu 2021, mmodzi wa akuluakulu a Xbox ananena m'khoti kuti Microsoft, mwini Xbox, sinapezepo phindu pa kugulitsa makina enieniwo. Phindu limabwera pambuyo. Pa gemu iliyonse yogulidwa m'sitolo ya pa intaneti ya console, mwini console amatengapo pafupifupi 30 pa 100 iliyonse, ndipo kuti musewere magemu ambiri ndi anthu akutali mumalipira mwezi ndi mwezi. Makina ndi nyambo chabe. N'chifukwa chake makampaniwa amakhuthula ndalama zankhaninkhani popanga magemu osapezeka kwina. Wofuna Mario kapena Zelda watsopano alibe kolowera koma kwa Nintendo, ndipo Xbox yoyamba ya mu 2001 inaima chifukwa cha gemu imodzi, Halo.

Sikuti ogula console sadziwa zimenezi. Chimene amalipira ndi mtima m'malo. Gemu yolembedwa kuti PS5 (PlayStation 5) idzayenda pa PS5 iliyonse, lero ndi zaka zisanu zikubwerazo, popanda kufunsa kuti mkati mwa bokosi muli chiyani. Opanga magemu nawonso amadziwa bwino makina amene akupangira, ndiye amawafinya mpaka dontho lomaliza. Magemu otuluka kumapeto kwa moyo wa console amaoneka bwino kwambiri kuposa oyambirira ngakhale makina ali omwewo. Palinso china chimene manambala sachigwira. Anthu awiri akhala pa mpando umodzi, mapadi awiri, mpira uli pa TV. Wina wagoletsa pa mphindi ya 90, wadzuka akukuwa, mnzake akutembenuza padi m'manja n'kumalumbira kuti batani lomenyera likukakamira, abwereze. Kompyuta ingathe kuchita zimenezi, koma console inabadwira pabalaza.

Mbiri ya ma console imabwereza phunziro la Game Boy mobwerezabwereza. PlayStation inabadwa ndi mkwiyo: Sony inkathandiza Nintendo kupanga makina owerenga ma CD, koma mu 1991 Nintendo inatembenuka n'kugwirizana ndi Philips. Ken Kutaragi anaumiriza mabwana ake ku Sony kuti apitirize okha, ndipo PlayStation inatuluka ku Japan mu 1994. CD inali yotsika mtengo kupanga ndipo inkanyamula zambiri kuposa katiriji, choncho opanga magemu anasamukira kwa Sony mwaunyinji. PlayStation inadutsa 100 miliyoni, Nintendo 64 inaima cha pa 33 miliyoni. PlayStation 2 ya mu 2000 inali yofookerapo poyerekeza ndi Xbox ndi GameCube, koma inkaonetsa mafilimu a pa DVD pa nthawi imene makina a DVD anali odula, komanso inkalandira magemu a PlayStation yoyamba; inagulidwa yoposa 155 miliyoni. Wii ya mu 2006 inalibe ngakhale zithunzi za HD, koma agogo ndi adzukulu ankatha kuigwira tsiku lomwelo chifukwa umangogwedeza dzanja ngati ukumenyadi mpira wa tenisi, ndipo inaposa PlayStation 3 ndi Xbox 360. Switch ya mu 2017, imene mkati mwake muli chipu chofanana ndi cha tabuleti, yadutsa 150 miliyoni chifukwa cha chinthu chimodzi: mumaizula pa TV n'kupitiriza gemu yomweyo pabedi kapena paulendo.

Kompyuta ndi dziko lina, lopanda mfumu imodzi. Windows ndi ya Microsoft, komabe aliyense angathe kulemba gemu n'kuigawa popanda kugwadira munthu, ndipo wosewera angathe kutsegula gemu ya eni ake n'kuisintha. Ufulu umenewu wabala zinthu zimene console sikanabala. Counter-Strike inayamba mu 1999 m'manja mwa achinyamata awiri amene anasintha gemu ya Half-Life. Dota inali mapu chabe opangidwa ndi osewera mkati mwa Warcraft III, ndipo kuchokera pamenepo kunatuluka League of Legends mu 2009 ndi Dota 2. Mtundu wa magemu oti anthu ambiri atsikira pachilumba n'kumenyana mpaka kutsale mmodzi unakulira m'zosintha za gemu ya Arma usanakhale PUBG mu 2017. Minecraft inayamba ndi munthu mmodzi wa ku Sweden, Markus Persson, amene ankaigulitsa yekha isanathe n'komwe. Mu 2014 Microsoft inagula kampani yake ndi madola 2.5 biliyoni.

Koma chimene chimamanga anthu ambiri ku kompyuta chili m'dzanja. Ndi mouse, mtunda umene dzanja layenda patebulo ndi umene maso anu ayenda m'gemu: mukasuntha pang'ono mwatembenuka pang'ono, mukakoka mwamphamvu mwayang'ana kale kumbuyo. Kamtengo ka pa padi sikagwira ntchito choncho. Chala chachikulu chimangouza gemu mbali ndi liwiro lotembenukira, kenako mumadikira kuti ifike pamene mukufuna n'kusiya pa nthawi yake. Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti magemu owombera apampikisano ndi magemu olamulira asilikali ambiri nthawi imodzi akhale kwawo pa kompyuta. Zikafika pa galimoto kapena mpira, zinthu zimatembenuka: batani la kiyibodi limangodziwa kudina kapena kusadina, pamene padi imalola kuponda mafuta pang'onopang'ono ndi kukhota mofatsa. Pali nkhaninso ya kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Pa zithunzi 30, chithunzi chilichonse chimakhala pa sikirini mamilisekondi 33. Pa 60, pafupifupi 17. Pa 144, pafupifupi 7. Wosewera mwamtendere sangazione kukhala zofunika, koma wopikisana amazimva m'zala, ndipo akazolowera sabwerera.

Walira mvula walira matope. Khadi la zithunzi lokha, la Nvidia kapena AMD, lingathe kudula kuposa console yathunthu, ndipo mu 2021 makhadi amenewa anasowa chifukwa cha kuchepa kwa machipu komanso anthu okumba ndalama za crypto amene ankawagula ambirimbiri. Gemu ikakana kuyenda, injiniya ndi inu nomwe: mufufuze ngati vuto ndi driver (pulogalamu yoyendetsa khadi la zithunzi), kutentha, kapena kuti makina akalamba. Onyenga pa masewera a pa intaneti amachulukanso pa kompyuta, chifukwa khomo lotsegukira wosintha gemu mwaluso ndi lomwelo lolowera wakuba. Chimene chimalipira mavutowa n'chakuti makina omwewo mumagwirira ntchito ndi kuphunzirira, kusewera pa intaneti sikufuna ndalama ya pamwezi, ndipo magemu ambiri a zaka 20 zapitazo akuyendabe.

Ngakhale dziko lopanda mfumuli linapeza mwini chipata. Kampani ya Valve inatsegula Steam, pulogalamu yopezeramo magemu pa intaneti, mu 2003, ndipo mu 2004 inalamula kuti aliyense wogula Half-Life 2, ngakhale pa disiki, alowe kudzera mu Steam. Anthu anakwiya kwambiri. Lero Steam ndi msika waukulu wa magemu a pa kompyuta, ndipo nayonso imatenga 30 pa 100, kuchepetsako pang'ono kwa magemu ogulidwa kwambiri. Mu December 2018 Epic Games inatsegula sitolo yake yotenga 12 pa 100 yokha, n'kuyamba kugawa magemu aulere pafupipafupi. Anthu amapita kukatola zaulerezo, n'kubwerera ku Steam kukagula. Kumeneko n'kumene kuli magemu awo akale, mndandanda wa anzawo ndi mbiri ya zonse zimene anapambana.

Tsono chipangizo chimene chili ndi osewera ochuluka kuposa zonse ndi chimene pafupifupi palibe anachigulira magemu. Osewera magemu padziko lonse akuyerekezeredwa kuti ndi oposa 3 biliyoni, ambiri mwa iwo amasewera pa foni, ndipo pafupifupi theka la ndalama zonse za msika wa magemu limachokera ku mafoni. Chifukwa chake n'chapafupi: foni ili kale m'thumba. Munthu anaigulira kuimba, kulemba mauthenga ndi kujambula, gemu inangopeza chitseko chotsegula. Nokia inayamba kuika Snake m'mafoni ake ndi 6110 kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma msika weniweni unatseguka mu 2008, pamene Apple inayambitsa App Store ndipo Android inatsegula sitolo yake. Angry Birds ya kampani ya Rovio ya ku Finland inabwera mu 2009, Candy Crush Saga mu 2012, ndipo mu 2016 Pokémon Go inatulutsa anthu m'nyumba kukayendayenda m'misewu maso ali pa sikirini.

Gemu ya pa foni imapangidwa ndi munthu wodziwa kuti mungasokonezedwe nthawi iliyonse. Imatseguka msanga, gawo limatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo mukaisiya pakati siikulangani kwambiri. Munthu wogwira ntchito tsiku lonse, kapena wolera mwana wakhanda, alibe maola awiri okhala phee patsogolo pa TV. Ali ndi timphindi khumi tobalalika, pamzere, m'basi, asanagone. Chitsanzo chomveka ndi Free Fire, imene kampani ya Garena ya ku Singapore inatulutsa mu 2017. PUBG inkaika anthu 100 pachilumba ndipo masewera ankatha kufika theka la ola. Free Fire inachepetsa anthu kufika 50, masewera n'kumatha m'mphindi ngati 10, zithunzi n'kukhala zopepuka kuti foni yotsika mtengo ikwanitse. Zithunzi zake sizinali zokongola kuposa za anzake, koma inafalikira ngati moto wolusa ku Brazil ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia. Ku Philippines ndi ku Indonesia mipikisano ya Mobile Legends imadzaza maholo akuluakulu, ndipo ku China Honor of Kings ya Tencent ili m'gulu la magemu opeza ndalama zambiri padziko lonse.

Pali chizolowezi pakati pa ena osewera pa kompyuta ndi console chonena kuti wa pa foni si wosewera weniweni. Ine chimenechi chimandipweteka, chifukwa n'chabodza komanso chimanyoza anthu amene foni ndiyo njira yokhayo imene ali nayo. Muyang'anitsitse manja a katswiri wa PUBG Mobile. Foni yagona chopingasa, zala zazikulu ziwiri zili m'munsi, chimodzi chikuyendetsa munthu, china chikutembenuza maso. Zala za mkombaphala zapindika pamwamba ngati zikhadabo za nkhanu, china chikuwombera, china chikulumphitsa kapena kubisalitsa. Zala zinayi zikuvina pagalasi losalala limene lilibe batani ngakhale limodzi loti ulimve ndi khungu. Luso limeneli silibwera m'sabata imodzi. Zofooka za foni zilipo ndithu: zala zimaphimba zimene ukufuna kuona, foni ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha ndipo gemu imayamba kudukiza, batire limatha, ndipo wina angakuimbire nkhondo ili pakati. Koma zimenezi ndi zofooka za chipangizo, osati za munthu.

Chimene ndimadandaula nacho pa foni ndi kwina: mmene ndalama zimatoledwera. Magemu ambiri a pa foni ndi aulere kutsitsa, ndipo apa m'pamene pali chikomekome cha mkuyu. Osewera ambiri salipira kalikonse, amangoonera zotsatsa malonda. Ndalama zambiri zimachokera kwa anthu ochepa olipira kwambiri, amene anthu a m'makampaniwa amawatcha anangumi. Ndiye gemu imamangidwa mozungulira kufooka kwa mtima wa munthu: miyoyo yatha, dikirani theka la ola kapena lipirani, mwatsala pang'ono kupambana, gulani mpata wina, mphoto ya lero ikutha pakati pa usiku. Palinso mabokosi a mwayi, oti mumalipira osadziwa chimene chitulukemo, njira imene Genshin Impact ya mu 2020 inapezera ndalama zochuluka zedi. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi olipira a mtundu umenewu m'magemu ena ndi juga. Njirazi zafikanso pa console ndi kompyuta, makamaka m'magemu a mpira ogulitsa mapaketi a osewera, koma pa foni m'pamene zinakhwimira, ndipo foni ndi imene ana amaigwira msanga.

Apple ndi Google nawonso aima pakhomo ndi msonkho wawo, kwa zaka zambiri 30 pa 100. Mu August 2020 Epic inaika dala njira yakeyake yolipirira mu gemu yake ya Fortnite, Apple ndi Google anaichotsa gemuyo m'masitolo awo tsiku lomwelo, ndipo milandu inatenga zaka. Microsoft itagula Activision Blizzard mu 2023 ndi madola pafupifupi 69 biliyoni, anthu ambiri ankangokamba za Call of Duty, kuiwala kuti m'mtolo womwewo munali King, mwini Candy Crush, khomo lolowera m'mafoni limene Microsoft inalibe.

Zimene anthu amati ndi kukonda kwawo nthawi zambiri zinakonzedwa ndi malamulo ndi chuma cha dziko limene anakulira. China inaletsa kugulitsa ma console mu 2000, ndipo chiletsocho chinayamba kumasuka mu 2014 n'kuchotsedwa dziko lonse mu 2015. M'badwo wathunthu unakulira pa makompyuta a m'malo olipira intaneti, kenako n'kulumphira pa foni. Ku South Korea zinthu za ku Japan zinali zoletsedwa kwa zaka zambiri, ndipo pambuyo pa mavuto a zachuma a mu 1997 boma linalimbikira kufalitsa intaneti yothamanga. Zipinda za makompyuta zotchedwa PC bang zinamera paliponse, StarCraft ya mu 1998 inasanduka masewera oonetsedwa pa TV, ndipo mpaka pano magemu a pa kompyuta ndi otchuka kwambiri m'dzikolo. Ku Japan, kumene anthu ambiri amathera nthawi yaitali m'sitima ndipo nyumba za m'mizinda n'zazing'ono, zogwira m'manja ndi zimene zimalamulira, Xbox sinazikepo mizu. Ku Brazil misonkho yokwera pa katundu wakunja inachititsa kuti Master System ya Sega, yopangidwa m'dziko momwemo ndi kampani ya Tectoy, ipitirire kugulitsidwa kwa zaka makumi itaiwalika kwina konse. Ku Russia ana a m'zaka za m'ma 1990 anakulira pa Dendy, makina okopera Famicom ya Nintendo, NES ya ku Japan.

Pamwamba pa zonsezi pali anzanu. Kwa zaka zambiri, wa PlayStation sankatha kusewera ndi wa Xbox ngakhale gemu ili imodzi, osati chifukwa makina sakanatha, koma chifukwa mpanda unkapindulitsa amene ali patsogolo. Ngati anzanu asanu ali pa PlayStation, inu wachisanu ndi chimodzi mwasankhiridwa kale. Fortnite ndi imene inagumula mpandawu: osewera ake anachuluka moti mu September 2018 Sony, imene inkakana, inagonja n'kulola anthu ake kusewera ndi a Xbox ndi Switch. Lero magemu ambiri akuluakulu amalola zimenezi, ngakhale zabweretsa mkangano watsopano. Kuti wa padi asaphedwe ngati nkhuku ndi wa mouse, gemu imamuthandiza pochedwetsa kapena kukokera pang'ono mfuti yake pa mdani. A mouse amati ndi kubera kovomerezeka, a padi amati popanda thandizolo palibe mpikisano, ndipo opanga magemu amangosinthasintha mlingo wake osakhutiritsa mbali iliyonse.

Mpanda wa anzanu utagwa, wotsala ndi wa katundu. Kale mukasintha makina nthawi zambiri munkayamba mwatsopano, ndiye m'badwo uliwonse wa ma console unali mpikisano watsopano. Tsopano magemu ambiri amagulidwa pa intaneti n'kumangiriridwa ku akaunti, ndipo PS5 imalandira pafupifupi magemu onse a PS4, monganso Xbox Series X ndi S zimalandira a Xbox One. Munthu amene wasonkhanitsa magemu 100 m'zaka khumi sangawasiye chifukwa choti makina a kampani ina ndi othamanga pang'ono. Phil Spencer, amene ankatsogolera Xbox, anavomereza mu 2023 kuti m'badwo wa Xbox One, umene anagonja kwa PS4, unali woipitsitsa kuugonja chifukwa ndi nthawi imene anthu ankamanga nkhokwe zawo za magemu a pa intaneti. N'zosadabwitsa kuti Microsoft yasintha njira. Inayambitsa Game Pass mu 2017, yoti mumalipira pamwezi n'kusewera magemu mazana, ndipo kuyambira 2024 yakhala ikutulutsa magemu ake ena pa PS5. Sony nayo inayamba kupititsa magemu ake akuluakulu pa kompyuta mu 2020.

Funso limene osewera ambiri sadzifunsa ndi lakuti nkhokweyo ndi yawodi kapena ayi. Mukadina batani logulira, chimene mwagula ndi chilolezo chosewera, osati gemu. Mu 2024 Steam inayamba kulemba zimenezi poyera pa tsamba lolipirira. Chilolezo simungachibwereke mnzanu mmene mungachitire ndi disiki, simungachigulitse mukatopa nacho, ndipo gemu yodalira ma seva, makompyuta a kampani amene imalumikizana nawo pa intaneti, imafa tsiku limene azimitsidwa. Kampani ya Ubisoft itatseka ma seva a gemu yake ya The Crew mu March 2024, ngakhale anthu amene anali ndi disiki m'manja anatsala ndi chimbale chopanda ntchito, ndipo mkwiyo wawo unayambitsa kampeni ya Stop Killing Games. Nintendo inatseka masitolo a pa intaneti a makina ake a 3DS ndi Wii U mu March 2023, magemu ambiri amene sanatulukepo pa katiriji kapena disiki n'kusowa kowagula. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Apa m'pamene ndimawamvetsa anthu amene amaumirira console yokhala ndi polowetsa disiki ngakhale ili yodulirapo.

Ena amati zonsezi zidzatha ndi kusewera kudzera pa intaneti, koti gemu imayenda pa makina amphamvu akutali, inu n'kumangolandira kanema wake pa foni kapena TV. Vuto ndi mtunda. Mukadina batani, uthenga upite ku seva, chithunzi chijambulidwe, chipanikizidwe, chibwerere, chitsegulidwe, zonsezi zisanakwane nthawi yoti diso lizindikire kuchedwa. Filimu ingathe kusungira masekondi angapo patsogolo, gemu singathe chifukwa sidziwa chimene mudine. OnLive inayesa mu 2010 n'kutseka mu 2015. Google inayambitsa Stadia mu November 2019 n'kuitseka mu January 2023, ndi kubweza ndalama za ogula. GeForce Now ya Nvidia ndi ya Xbox zikuyendabe, ndipo zimakoma kwa amene ali pafupi ndi ma seva, ali ndi intaneti yosadukiza komanso data yosawerengera. Kwa wina aliyense, makina okhala m'nyumba akadali ofunika.

Kumene zinthu zikulowera panopa ndi m'manja, komwe Game Boy inayambira. Mu February 2022 Valve inatulutsa Steam Deck, kompyuta yooneka ngati Switch yonenepa, ndipo nyambo yake sinali mphamvu: mukangolowetsa akaunti, magemu amene munagula zaka khumi zapitazo ali pomwepo, ambiri akuyenda. Asus ndi Lenovo anatsatira ndi zawo. Switch 2 inatuluka pa 5 June 2025 ikulandira magemu ambiri a Switch yoyamba, kuti anthu mamiliyoni aja asaone chifukwa chosamukira kwina. Koma inabweranso ndi chinthu chatsopano chotchedwa Game-Key Card. M'bokosi muli katiriji ndithu, mumaigwira, mumailowetsa m'makina, mungathe kuibwereka mnzanu kapena kuigulitsa. Kungoti mkati mwake mulibe gemu. Muli kiyi yokha, ndipo tsiku loyamba muyenera kulumikiza intaneti kuti gemu yeniyeniyo itsike kuchokera ku ma seva a Nintendo.